Matayala akutsogolo a Toyota 86 akudyeka m'mphepete: vuto ndi mpweya kapena kayendetsedwe?

Wa ku Mpondasi analemba:

Akuluakulu, ndikupereka moni kwa nonse. Ndabwera ndi nkhani ya matayala imene yandisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha inu amene mwakhalitsa pa ntchito imeneyi kuti mundiunikire ndisanataye ndalama zina.

Ndili ndi Toyota 86 ya chaka cha 2013 imene ndinaitanitsa ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam. Matayala ake ndi a saizi ya 215/45R17, ndipo kapepala komatidwa pakhomo la dalaivala kakunena kuti mpweya ukhale 240 kPa kutsogolo ndi kumbuyo komwe, umene ndi 35 psi pa mageji ambiri a kuno. Masiku a ntchito ndimangoyenda m'tauni ndi kufika cha ku Nkopola, koma Lamlungu m'mamawa ndimawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera phiri la Chowe kulowera ku Namwera, ndipo sindibisa kuti m'makona a kumeneko phazi langa limalemera.

Matayala anayi amene ndinaika chaka chatha ayenda makilomita pafupifupi 9,000 okha, koma awiri akutsogolo adyeka kwambiri m'mphepete mwa kunja, pamene pakati ndi m'mphepete mwa mkati mano akadalipo okwanira. Akumbuyo akuoneka kuti akutha pakati kuposa m'mbali, ngakhale si kwambiri.

Chinanso chachitika sabata yatha. Nditatsika phiri masana, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, ndinaima pamalo ena omwetsera mafuta, ndipo mnyamata wopopa matayala atayeza anapeza 41 psi. Anadzidzimuka, nati matayala aphulika, kenaka anaphwetsa onse anayi mpaka 35. M'mawa mwake mnzanga anabwera ndi geji yake ndipo tinapeza 29 psi. Kodi mnyamatayo analakwa, kapena geji ya mnzangayo ndi imene ikunama? Nanga kuti m'mphepetemu musiye kudyeka, ndiwonjezere mpweya kapena ndichepetse?

Wamatayala wa pa M'baluku anayankha:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula, ndipo kwa ife a pamsewu phula lake limakhala lenileni.

Ndiyambe ndi za mnyamata uja. Analakwa, ngakhale kuti anachita ndi mtima wabwino. Nambala ya pa kapepala kaja ndi ya tayala lozizira, kutanthauza galimoto imene yaima maola osachepera atatu pamthunzi, kapena imene yayenda kamtunda kosapitirira makilomita awiri mwapang'onopang'ono. Tayala likamagudubuzika limapindika pamene lagunda pansi n'kuwongokanso, ndipo kupindikapindika kumeneko kumabala kutentha. Powonjezera apo pali phula lotentha la kwathu kuno ndi moto wa mabuleki, umene umalowa m'rimu mukamatsika phiri. Mpweya wa mkatimo ukatentha umafuna malo, ndiye geji imakwera. Choncho 41 psi imene anapeza sinali chizindikiro cha ngozi ayi, linali tayala limene likugwira ntchito yake. Pochotsamo 6 psi iye anachotsa mpweya weniweni, ndipo tayala litazizira usiku kuperewerako kunaonekera. Mageji onse awiri ananena zoona.

Chimene anthu ambiri samvetsa n'chakuti tayala limaphulika kawirikawiri chifukwa cha kuchepa kwa mpweya, osati kuchuluka. Lokhala ndi mpweya wochepa limapindika kwambiri m'nthiti, limatentha kuposa muyeso, ndipo ulusi ndi mawaya a mkati zimayamba kulekana ndi mphira. Mukadakwera Chowe tsiku limenelo ndi 29 psi mukanadya m'mphepete muja mowirikiza, chifukwa tayala lofewa limagona chammbali pakona. Musatengerenso nambala yolembedwa m'nthiti mwa tayala pafupi ndi mawu akuti MAX PRESS, chifukwa imeneyo ndi malire a tayalalo, si muyeso wa galimoto yanu.

Tsopano za kudyeka. Tayala limanena lokha chimene chikulivuta ngati munthu adziwa kuliwerenga. Likadyeka m'mphepete monse muwiri pakati n'kutsala mano, mpweya wakhala ukuchepa. Likadyeka pakati pokha, mpweya wachuluka, ngakhale kuti pa galimoto yokankha ndi matayala akumbuyo monga yanuyi pakati pamathanso chifukwa cha kunyamuka mwaukali ndi kupalasa phula. Koma likadyeka mbali imodzi yokha monga mwafotokozeramu, mpweya si ndiwo mwini mlandu. Pamenepo timayang'ana alayimenti, kutanthauza mmene matayala anawongoledwera kuti aziyang'ana kumodzi, ndi mmene galimoto ikulowera m'makona.

Yesani izi madzulo ano. Yendetsani chikhatho pamwamba pa mano modutsa tayala, kuchoka kunja kupita mkati, kenaka mubwerere. Ngati kupita kukusalala koma kubwerera kukukanda ngati mano a sowo, ndiye kuti matayala akutsogolo sakuyang'ana kumodzi ndipo akukhuta pansi ngakhale pamsewu wowongoka, choncho alayimenti yasokonekera. Ngati mukumva timabampu ndi timaenje motsatizana kuzungulira tayala, mashoko atopa. Ngati m'mphepete mwa kunja mwangobulungika bwinobwino ndipo mphira ikuoneka yonyenyeka ngati yokhutidwa pamwala, ameneyo ndi inuyo ndi phiri la Chowe.

Mutiuzenso manambala anayi omaliza pamzere wa m'nthiti mwa tayala umene umayamba ndi zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka, moti 3522 ndi tayala lopangidwa sabata ya 35 m'chaka cha 2022. Ndikufunsa chifukwa mphira imauma ikamakalamba, ngakhale tayalalo lisanapondepo pansi. Onaninso ngati palembedwa STUDLESS kapena pali chithunzi cha phiri lokhala ndi kanyenyezi ka chisanu mkati. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan ndi matayala ambiri a kaunjika amabwera otero. Amenewo anapangidwira misewu ya chisanu, mphira yake ndi yofewa, ambiri ali ndi chilembo cha Q chimene malire ake ndi makilomita 160 pa ola, ndipo pa kutentha kwa Mangochi amasungunuka ngati sopo. Galimoto yanu inatuluka kufakitale ndi matayala a chilembo cha W, amene malire ake ndi 270, ndipo ngakhale palibe amene angafike liwiro limenelo kuno, chilembocho chimasonyezanso mmene tayala limapiririra kutentha.

Mphunzitsi wopuma wa ku Namwera anayankha:

Mwana wanga, bambo a pa M'baluku anena zoona, ndipo ine ndingowonjezera masamu ake kuti mtima wanu ukhale pansi, poti ndinaphunzitsa sayansi zaka zambiri.

Mpweya wotsekeredwa m'malo osafutukuka umakankha molingana ndi kutentha kwake, koma kutenthako timakuwerenga powonjezera 273 pa madigiri a Celsius, ndipo pa nambala ya geji timawonjezera kulemera kwa mpweya wa kunja, kumene kunyanja kwanuko, pamtunda wa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, ndi pafupifupi 96 kPa. Tiyerekeze kuti munapopa 240 kPa m'mawa kukutentha madigiri 25. Pamenepo tili ndi 336 kPa pa 298. Geji ya masana ija inawerenga 41 psi, imene ndi 283 kPa, ndipo tikawonjezera 96 tikupeza 379. Kuti mpweya ukwere kuchoka pa 336 kufika pa 379, kutentha kwake kuyenera kufika madigiri pafupifupi 63, zimene sizodabwitsa kwa tayala lotsika phiri ndi mabuleki masana a Okutobala. Tsono mnyamata uja atabwezera geji pa 240 tayala lili pa madigiri 63, kuzizira kwa m'mawa kunayenera kulitsitsa kufika pa 202 kPa. Imeneyo ndi 29 psi, ndendende imene mnzanu anapeza. Mwachidule, madigiri 10 alionse amasuntha geji ndi pafupifupi 11 kPa, kapena psi imodzi ndi theka, n'chifukwa chake galimoto yoimikidwa mbali imodzi padzuwa imapereka manambala osiyana kumanzere ndi kumanja.

Ena amadandaula za kukwera mapiri, kuti geji imakwera chifukwa mpweya wa kunja umapepuka. N'zoona, koma n'zochepa. Munthu wochoka kunyanja kudzera ku Golomoti n'kukwera Khwekhwerere mpaka ku Dedza amakwera mamita opitirira 1,000, ndipo geji ingakwere ndi 12 kPa, koma kuzizira kwa ku Dedza kumabweza gawo lalikulu la kukwerako. Za nitrogen nazonso musatayirepo ndalama zambiri, chifukwa mpweya umene tikupumawu uli kale ndi nitrogen magawo 78 pa 100 alionse. Chimene chimasokoneza ndi chinyezi cha m'makompulesa osakhetsedwa madzi, popeza madzi akasanduka nthunzi mkati mwa tayala lotentha geji imakwera mosadziwika bwino. Gulani geji yanuyanu ndipo muziyeza ndi yomweyo nthawi zonse, pakuti ngakhale itaphonya pang'ono imaphonya mofanana tsiku lililonse.

Wa Subaru ku Liwonde anayankha:

Ndikugwirizana ndi akuluakulu awiriwa pa zoti tayala lotentha saliphwetsa, koma pa funso lachiwiri ndisiyana nawo pang'ono. Bambo a pa M'baluku akuti mpweya si mwini mlandu. Ine ndikuti si mwini mlandu koma ndi mboni yofunika, ndipo pali zimene mungachite nawo.

Muyeso wa 240 kPa anauika poganizira zinthu zambiri nthawi imodzi, monga kufewa kwa ulendo, kamwedwe ka mafuta ndi katundu, ndipo ndi poyambira pabwino. Koma munthu wolowa m'makona mwamphamvu angathe kuwonjezera 2 psi kutsogolo matayala ali ozizira, kuti nthiti zilimbe ndipo tayala lisagone chammbali. Musangokhulupirira mawu anga, yesani ndi choko. Lembani mizere itatu kapena inayi pa tayala lililonse, kuyambira pa mano a m'mphepete kutsikira m'nthiti, ndipo muyende ulendo wanu wa masiku onse. Pobwera muone pamene mizereyo yafufutikira. Ngati yafufutika mpaka kupitirira pamene mano athera n'kulowa m'nthiti, tayala likugona, wonjezerani pang'ono. Ngati yafufutika polekezera mano, mpweya uli bwino ndipo kuwonjezera kungochepetsa malo ogwira pansi, galimoto n'kuyamba kudumphadumpha pamsewu wa mabampu. Ine sindipitirira 3 psi pamwamba pa muyeso wa kapepala. Amene amaphwetsa matayala otentha ndi a mipikisano ya m'mabwalo otsekedwa, amene amasaka nambala inayake tayala lili lotentha kenaka n'kupopanso asanabwerere kumsewu, ndipo ku Mangochi kwanuko kulibe bwalo lotero.

Chachikulu pa galimoto yanu chili m'mapangidwe a kutsogolo. Toyota 86, monga mbale wake Subaru BRZ, ili ndi miyendo ya mtundu wa MacPherson kutsogolo, ndipo matayala akutsogolo anaimikidwa pafupifupi chilili, osapendekera mkati, pamene akumbuyo anapendekeka pang'ono. Galimoto ikapendama pakona, tayala la kunja limapendama nayo n'kuponda ndi m'mphepete mwa kunja, ndipo kulemera konse kwa kutsogolo kumathera pa kachigawo kakang'onoko. Eni magalimoto amenewa m'maiko ambiri amadandaula za kudyeka komweku. Mankhwala ake ndi mabawuti apadera a camber, amene amalola makaniko kupendeketsa mutu wa tayala mkati ndi digiri imodzi kapena imodzi ndi theka. Koma mukatero alayimenti ichitidwe pamakina, ndipo matayala ayang'ane kutsogolo molunjika, chifukwa kupendeka kukaphatikizana ndi matayala otagalala, m'mphepete mwa mkati mumatha msanga kwambiri pamsewu wowongoka ngati wa Liwonde mpaka Mangochi, ndipo mkatimo ndi mosaoneka mpaka mawaya atatulukira.

Pomaliza ndinene zowawa, achimwene. Tayala lakutsogolo likamalira pakona ndiye kuti likukhuta, osati kugwira. Zimachitika munthu akalowa pakona ndi liwiro lochuluka, galimoto n'kukana kukhota, iye n'kuwonjezera kupotoza chiwongolero. Kupotoza kowonjezerako sikukhotetsa galimoto, kumangosenda mphira. Malizani kuponda mabuleki galimoto ikadali yowongoka, lowani mofatsa, ndipo mafuta muwapatse pamene chiwongolero chayamba kubwerera. Ine nditasintha zimenezi matayala anga anayamba kutha mofanana ndisanagule n'komwe bawuti iliyonse.

Mayi wa ku Makawa anayankha:

Achimwene a ku Mpondasi, ine ndimayendetsa Golf GTI ya matayala a 225/40R18, ndipo ndikufuna kukumbutsa za nthiti. Nambala yachiwiri pa saizi imanena kutalika kwa nthiti poyerekeza ndi kufutukuka kwa tayala, choncho pa 215/45 nthiti ndi mamilimita pafupifupi 97, ndipo pa anga ndi 90 okha. Pakati pa rimu ndi dzenje pali kamtunda kameneko basi. Chaka china ndinagunda dzenje pamsewu wina wa kunyanja kuno mpweya uli wochepa, rimu inatsina nthiti n'kudula ulusi wa mkati, ndipo patatha masiku awiri panatuluka chotupa ngati dzira. Tayala la chotupa silimatidwa, limangotayidwa, ngakhale mano ake akhale atsopano. Popeza mwayenda ndi 29 psi, yang'anani nthiti zonse, za kunja ndi za mkati zomwe.

Ndinenenso monga kholo. Msewu wa Chowe ndi womwewo umene mumadutsa malole ochokera ku Chiponde, a kabaza, amayi osenza nkhuni ndi mbuzi, ndipo Lamlungu m'mamawa ndi pamene ena amapita kukapemphera. Tayala limene likulira pakona lapereka kale mphamvu zake zonse, lilibe yotsala yoti muimire nayo mwana akatulukira patchire.

Wa ku Mpondasi analembanso:

Zikomo kwambiri nonse, ndipo mawu anu mayi ndawamva, sindikuwaponya kunkhongo. Ndachita zimene munandiuza. Ndabwezera 240 kPa m'mawa dzuwa lisanatuluke, ndipo nthiti zonse zilibe chotupa. Ndinabwereka kachipangizo koyezera kuya kwa mano, ndipo lakutsogolo kumanzere lili ndi mamilimita 2 kunja, 5 pakati ndi 5 mkati, pamene lakumanja lili ndi 3 kunja ndipo kwinaku n'chimodzimodzi. Akumbuyo ali ndi 4 pakati ndi 5 m'mbali. Poyendetsa chikhatho, lakumanzere likukanda pobwerera koma lakumanja likusalala. Si a chisanu, chilembo chake ndi W, koma manambala a DOT akusonyeza kuti anali atakhala kale zaka zitatu pamene ndinkawagula. Pali kamuvi ndi mawu akuti ROTATION. Kodi ndingathe kungowasinthanitsa, akutsogolo apite kumbuyo, kuti ndifike nawo chaka chamawa?

Wamatayala wa pa M'baluku anayankhanso:

Manambala amenewa atithandiza, achimwene. Munthu wokwera ndi kutsika msewu womwewo amakumana ndi kona iliyonse kawiri, pokwera ikhala ya kumanja, potsika ya kumanzere, choncho makona okha akanadya matayala awiriwo pafupifupi mofanana. Kusiyana kwa milimita imodzi pamodzi ndi kukanda kuja kukuloza alayimenti, ndipo sizachilendo kuti likhale lakumanzere, chifukwa ife timayenda kumanzere ndipo tayala limenelo ndi limene limagunda m'mphepete mwa phula mobenthuka ndi maenje ambiri. Makaniko ayambe wagwedeza miyendo ya kutsogolo kuti aone ngati pali cholobodoka, chifukwa alayimenti yochitidwa pa zitsulo zotha siikhalitsa. Apa ndivomere kuti mnzathu wa ku Liwonde wanena zoona pa za choko ndi za kalowedwe ka m'makona, koma mabawuti aja adikire mpaka muone mmene matayala akuthera alayimenti itakonzedwa.

Kamuvi kaja kakutanthauza kuti tayala liyenera kuzungulira njira imodzi yokha, kuti ngalande zake zizitulutsa madzi. Choncho lakumanzere limakhala kumanzere, limangosuntha kutsogolo ndi kumbuyo, pokhapokha mutalivula parimu n'kulitembenuza. Kusinthanitsa kumeneko kunayenera kuchitika kale, ndipo pa kayendetsedwe kanu ndikanati muzichita pa makilomita 5,000 alionse m'malo modikira 10,000 imene ambiri amatsata.

Panopa nthawi yake yapita. M'ngalande za tayala muli timilatho ta mphira totalika mamilimita 1.6, ndipo mano akafanana nato tayalalo latha. Lanu lakumanzere latsala ndi pafupifupi theka la milimita kuti lifike pamenepo, mvula ili pafupi, ndipo mvula yoyamba ndi imene imayandamitsa mafuta ndi fumbi zimene zaunjikana paphula chilimwe chonse. Kuika tayala lotero kumbuyo kwa galimoto yopepuka yokankha ndi kumbuyo n'kuitana kuti mbuyo itsogole pakona yonyowa, ndipo kumbuyo kukatsetsereka n'kovuta kubweza kuposa kutsogolo. Gulani awiri atsopano a saizi yomweyo, a chilembo cha W ndi nambala ya katundu (yosonyeza kulemera kumene tayala lingasenze) yosachepera 87, muwerenge deti yake musanalipire, ndipo muwaike kumbuyo. Akumbuyo apanowo apite kutsogolo mbali zake zomwezo, poti m'mphepete mwake mukadali mamilimita 5. Alayimenti ichitike tsiku lomwelo matayala atsopano ataikidwa, muwapemphe pepala la manambala a makinawo kuti mudzayerekeze ulendo wina, ndipo mavavu awiri a matayala atsopanowo asinthidwenso pamodzi ndi tizivindikiro take.